Kakombo wanga sanafe, akugona

Mu Ogasiti ndinapeza mwana wa mlongo wanga ali ndi khasu m'manja, atagaula kale theka la kabedi ka m'mbali mwa mpanda. "Amalume, pano panalibe kanthu, ndimati ndidzalepo tomato," anatero. Ndinameza malovu. Mlandu unali wanga, chifukwa sindinazikepo kamtengo kosonyeza kuti pansipo pagona kakombo.

Ndikunena kakombo wakutchire uja, Gloriosa superba, yemwe Azungu amati flame lily poona maluwa ake ofiira, achikasu m'mphepete, opindikira m'mwamba ngati malawi a moto. Anzathu a ku Zimbabwe anamusankha kukhala duwa la fuko lawo. Ife timangomupitirira m'mbali mwa njira nthawi ya dzinja, tikuthamangira kukagula maluwa achilendo a m'machubu.

Moyo wake wonse uli m'kambatata ka pansi, kooneka ngati mphanda ya legeni. Kamathyoka msanga, ndipo diso lophukira lili kunsonga kwenikweni. Mukaliphwanya, mwataya chaka. Pobzala, mvula yoyamba ili pafupi, mumakagoneka chopingasa, masentimita 10 pansi, m'dothi la mchenga losakaniza ndi manyowa owolerana. Dothi la makande losunga madzi limakawoletsa. Thunthu lake n'lofooka, choncho mum'patse nsungwi kapena chitsamba choti ayangepo. Chingwe sichifunika: nsonga za masamba ake zimapindika ngati mbedza n'kudzikolowekera zokha. Ine ndimatha kuima m'mawa n'kumangoyang'ana zimenezi, tiyi n'kuzizira.

Maluwa amabwera kuyambira Disembala mpaka Malichi. Kenako masamba amachita chikasu, n'kuuma, n'kuzimiririka, ndipo apa ndi pomwe ambiri timalakwitsa. Wina amathirira tsiku ndi tsiku poganiza kuti akupulumutsa duwa, wina amakumba kuti aone chavuta. Musiyeni. Masamba aume okha, madzi mulekeretu, chilimwe chonse akhale pouma.

Chinanso, ndipo pano sindikuseka: chomerachi ndi poizoni kuyambira duwa mpaka kambatata. Muli colchicine, yemwe amapha munthu ngakhale mbuzi. Musasunge timbatata take kukhitchini pafupi ndi mbatata yodya, ana asaseweretse, ndipo mukagwira musambe m'manja.

Zidutswa za kambatata zomwe mnyamata uja anafukula tinazikwiriranso tonse awiri madzulo omwewo. Sabata yatha ziwiri zatulutsa mitu. Mnyamatayo wazikapo yekha nsungwi, ndipo tomato wake wakadzala kuseri kwa bafa.