Makompyuta Akale Asapite Kudzala



Ife amene tinali mu Doha m'chaka cha 2022 tikukumbukira bwalo la Stadium 974 ku Ras Abu Aboud, m'mphepete mwa nyanja. Linamangidwa ndi makontena 974, omwe aja onyamulira katundu pa sitima zapamadzi, ndipo nambalayo ndi yomwe abale kumudzi amayamba nayo akamatiimbira foni. Pabwalo limeneli panaseweredwa masewero 7 a World Cup. Makontena amene timawaona ngati mabokosi wamba anakhala nyumba ya anthu zikwizikwi chifukwa chakuti amisiri anawalumikiza. Nzeru yomweyo ikufunika m'nyumba mwathu.

Pa 14 October 2025 kampani ya Microsoft inathetsa chithandizo chake cha nthawi zonse pa Windows 10. Makompyuta ambiri amene akugwirabe ntchito bwino sangalandire Windows 11, ena chifukwa chosowa kachipangizo kotchedwa TPM 2.0. Choncho ambiri a ife tawakankhira kunsi kwa bedi, ndipo mawa tidzawataya. Lipoti la United Nations la 2024 linati m'chaka cha 2022 dziko lapansi linataya matani 62 miliyoni a zipangizo zamagetsi, ndipo zomwe zinakonzedwanso moyenera sizinafike n'komwe gawo limodzi mwa magawo anayi. Maganizo athu ndi akuti tisaonjezere mulu umenewu tisanayese kaye kuwapatsa makinawa ntchito ina.

Chida chofunika tili nacho kale: rauta imene Ooredoo kapena Vodafone anatiikira. Kumbuyo kwake kuli zibowo, kawirikawiri zinayi, zolowetsamo nthambo za Ethernet. Tikalumikiza kompyuta, rauta imaipatsa yokha adiresi yonga 192.168.1.5, ndipo makina onse a m'nyumba amayamba kuonana. Mafayilo amayenda kuchoka pa kompyuta ina kupita pa inzake osatuluka pakhomo, ngakhale intaneti itathima. Kompyuta imodzi ikhoza kukhala nkhokwe ya banja lonse, ina ya ana yolembera ntchito za kusukulu, ndipo zonse n'kumagwiritsa ntchito printa imodzi.

Nkhokweyi tiikamo chiyani? Mawu a agogo amene amatitumizira pa WhatsApp, zithunzi za chinkhoswe chimene sitinapiteko, kanema wa maliro amene tinalira tili kutali, makope a ziphaso ndi makontirakiti athu. Lero zonsezi zili m'foni imodzi, imene ikhoza kugwera m'madzi kapena kuiwalika mu takisi. Ana athu akukulira m'Chingerezi ndi m'Chiarabu. Tsiku lina adzafuna kumva mmene agogo awo ankayankhulira, ndipo tidzachita manyazi ngati tidzakhale opanda chowamvetsera.

Ena anena kuti Google imasunga kale zinthu zotere. N'zoona, koma malo aulere ndi 15 GB basi. Kupitirira apo timalipira, ndipo malipirowo amadalira khadi la banki ya kuno. Tonse tikudziwa kuti kuno ndife alendo: ntchito ikatha, khadi ndi nambala ya foni zimathanso.

Komabe walira mvula walira matope. Kompyuta yakale ili ndi zoopsa zake, ndipo sitingazibise. Windows XP inasiya kulandira chitetezo mu 2014, Windows 7 mu 2020. Mu May 2017 kachilombo ka WannaCry kanafalikira m'maiko oposa 150, n'kusokoneza ngakhale zipatala za ku Britain, podzera m'njira yakale yogawirana mafayilo yotchedwa SMB1. Windows yatsopano imatseka njira imeneyi, ndipo munthu akatiuza kuti tiitsegule n'cholinga choti makina akale aonane ndi atsopano, tikane. Njira yabwino ndi kufufuta Windows yakaleyo n'kuikamo Linux Mint kapena Lubuntu, zomwe n'zaulere ndipo zimalandirabe chitetezo, kenako n'kugawa mafayilo ndi pulogalamu ya Samba. Tisinthenso mawu achinsinsi amene rauta inabwera nawo.

Tikumbukirenso kuti disiki yakale imafa mosatsanzika, makamaka m'kutentha ndi fumbi la kuno. Kompyutayo ikhale m'chipinda chozizira, osati pakhonde, ndipo mwezi uliwonse tizikopera zonse pa disiki ina yapadera. Imeneyo ndiyo tidzaike m'chikwama tsiku lobwerera kwathu. Makina amene afa ndithu tiwapereke kwa osonkhanitsa zipangizo zamagetsi kuno konkuno. Kuwatumiza ku Malawi monga mphatso ndi kusenzetsa abale zinyalala zathu.

Mutu umodzi susenza denga. Pakati pathu alipo achinyamata odziwa ntchito imeneyi, ndipo alipo makolo osunga makina koma osadziwa poyambira. Tikadzakumananso Lachisanu, aliyense abwere ndi kompyuta yake yakale ndi nthambo imodzi, achinyamatawo atiphunzitse.