Nkoloko Ikakondera, Ngwazi Sidziwika

Masiku ano mnyamata wa ku Shimabala, pa msewu wocokera ku Lusaka kupita ku Kafue, angathe kuika mapulogalamu awiri a chess pa kompyuta yakale ndi kuwasiya alimbane usiku wonse. Kukaca amauza anzake kuti wakuti ndiye ngwazi. Koma asanalengeze zotere, ayenera kuyamba wayankha funso ili: kodi nkoloko anaichera motani?

Ngakhale akatswiri anapunthwapo pa nkhani imeneyi. Mu December 2017 kampani ya DeepMind ya ku London inalengeza kuti pulogalamu yake, AlphaZero, inagonjetsa Stockfish pa masewera 100. Inapambana 28, pa 72 panalibe wopambana, ndipo sinagonje ngakhale kamodzi. Koma a Tord Romstad, mmodzi wa amene anapanga Stockfish, anadandaula kuti pulogalamu iliyonse inapatsidwa mineti imodzi pa kusuntha kulikonse, kaya pavute kaya pakhale pofewa. Dandaulo lao linali lomveka. Stockfish inapangidwa kuti izigawa yokha nthawi yake, kufulumira pamene njira ili poyera ndi kukhalitsa pamene zathina. Kuilanda ufulu umenewo kuli ngati kulamula mlimi kuti mzere wa pamcenga ndi wa pamiyala aulime nthawi yofanana.

M'caka ca 2018 DeepMind inafalitsa zotsatira za masewera 1,000, mbali iliyonse itapatsidwa maola 3 ndi masekondi 15 oonjezera pa kusuntha kulikonse. AlphaZero inapambana 155 ndi kugonja 6. Inali ngwazi ndithu, koma ulendo uno mlandu wa mineti imodzi unali utatha.

Pa kompyuta yofooka mavuto amaculuka. Mapulogalamu awiri akaloledwa kuganiza pa nthawi ya mnzake, amalandana mphamvu za makina amodzi. Ndiponso pamapita kanthawi pulogalamu itasankha kale posuntha, nkoloko isanaime. Kanthawi kameneka nkakang'ono zedi, koma pa masewera a liwiro kamaunjikana, mpaka pulogalamu imene inali pafupi kupambana imagonja cifukwa nthawi yatha. Ndico cifukwa cake Stockfish ili ndi malo ochedwa Move Overhead osungira kanthawi kotere. Mankhwala ena ndiwo kuonjezera masekondi pa kusuntha kulikonse, monga zinalili pa nkoloko ya Bobby Fischer pamene anasewera ndi Boris Spassky mu 1992.

Palinso vuto la malaiti. Anthu a m'boma la Kafue akumbukira cilala ca 2024, pamene magetsi anali kuzima maola ambiri ngakhale kuti makina a ku Kafue Gorge ali pakhomo. Malaputopu ambiri amacepetsa liwiro akayamba kudya batire, motero mineti ya usiku wamdima sifanana ndi mineti ya masana malaiti alipo.

Ena adzati awa ndi masewera a makina cabe. Koma ana amene afuna kutsata mapazi a Amon Simutowe, grandmaster woyamba wa dziko la Zambia, amaloweza njira zimene makina awauza kuti nzabwino, ndi kupita nazo ku mpikisano weniweni. Aziphunzitsi ndi atsogoleri a makalabu asalandire zotsatira ziri zonse pokhapokha wozibweretsa atalemba nthawi imene anachera, masekondi oonjezera, mtundu wa kompyuta, ndi masewera angati amene anatha cifukwa ca nkoloko.