Kalata yotseguka kwa Bwanamkubwa wa boma la Mangochi

Bwanamkubwa,

Ndikulemba ndi ulemu wonse, koma mtima ukundiwawa. Mudzafike pa doko la Msaka, Malembo kapena Makawa m'mamawa maboti akamakocheza. Alovi amakhala atachezera kukoka chilimira, mwera ukuwomba, ndipo ambiri amakuuzani poyera kuti popanda chamba ntchitoyi sangaithe. Akalandira gawo lawo, ndalama ya usipa imathera ku kachasu dzuwa lisanafike paliwombo. Ena mwa iwo ndi ana ofunika kukhala m'kalasi.

Kholo likaona mwana wake wasiya kudya, akuyankhula yekha, wayamba kugulitsa mapoto a m'nyumba, likagogode pati? Njira zomwe anthu akuzidziwa ndi ziwiri: kupolisi kapena ku Zomba Mental Hospital. Kupolisi amakamutsekera, poti kusuta chamba n'koletsedwabe ngakhale lamulo la 2020 linalola kulima cha mankhwala ndi cha m'mafakitale. Ku Zomba amapita naye zinthu zitafika kale poipa, nthawi zina atamumanga manja ndi chitenje. A St John of God amathandiza anthu kusiya mowa ndi mankhwala ozunguza bongo, koma ali ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Mayi wogulitsa zitumbuwa ku Makanjira ndalama ya ulendo wotero aipeza kuti? N'chifukwa chake ambiri amathamangira kwa sing'anga, poganiza kuti mwana walodzedwa.

Sindikupempha nyumba yatsopano ayi. Ndikupempha tsiku lodziwika sabata iliyonse pa chipatala chachikulu cha Mangochi ndi pa cha Monkey Bay, pomwe munthu wofuna kusiya angakhale pansi ndi namwino wa matenda a maganizo popanda mantha oti agwidwa. Tsikulo lilengezedwe pa wailesi, m'Chichewa ndi m'Chiyao. Alangizi a zaumoyo amene amayenda kale m'midzi aphunzitsidwe kuzindikira vutoli likadali laling'ono. Makomiti a m'madoko amadziwa mlovi aliyense ndi dzina, ndipo masheikh ndi azibusa amamva madandaulo a makolo tsiku ndi tsiku. Aitaneni, muwauze komwe angatumize munthu.

Wobwera kuchokera ku Zomba nayenso azitsatidwa. Akabwerera pa doko lomwelo, kwa anzake omwewo, popanda womuyendera, mwezi sutha asanayambirenso.

Inu ndi amene mumasonkhanitsa akuluakulu a zaumoyo, apolisi ndi mafumu. Chonde, nkhaniyi ikhalepo pa msonkhano wa khonsolo ukubwerawu.

Ine wanu,
Kholo la ku Mangochi