Misozi ya Womenya

Anzathu, m'nthano zathu woipa timamudziwa msanga. Fisi akafika pa khola, palibe amene amafunsa cimene wadzera. Wadzera mbuzi. Iye mwini amadziwa kuti ndi mbala, n'cifukwa cake amayenda usiku, ndipo akamva cikuwo amathawa. Koma m'mabuku amene tayamba kuwadziwa tsopano muli woipa wa mtundu wina. Ameneyu amayenda masana. Amavala bwino, amakhala pa mpando wakutsogolo m'nyumba ya mapemphero, ndipo akakupweteka amadikira kuti umuthokoze.

Tikunena za Eugene Achike. Munthuyu sadakhalepo ndi moyo. Ndi wa m'buku la mayi wa ku Nigeria, Chimamanda Ngozi Adichie. Bukulo dzina lake ndi Purple Hibiscus, ndipo lidatuluka m'caka ca 2003. Adalilemba m'Cingelezi, pambuyo pake lidamasuliridwanso m'Cipwitikizi. Aphunzitsi athu adatifotokozera nkhani yake masiku atatu. Atamaliza, m'kalasi mudabuka mkangano. Ena adati: "Bambo ameneyu adalakwa, inde, koma mtima wake udali wabwino." Ife mawu amenewa tikuwakana.

Tiyambe ndi zabwino zake, pakuti n'zambiri ndipo sitizibisa. Eugene adali wolemera wa mu mzinda wa Enugu. Adali ndi mafakitale a mabisiketi ndi zakumwa. Adalinso ndi nyuzipepala imene idapitiriza kunena zoona pamene asilikali adalanda boma, ena onse atatseka pakamwa. Ankalipirira sukulu ana a anthu ambiri. Pa Khirisimasi ankapita kumudzi kwawo ku Abba, mudzi wonse n'kudya pakhomo pake. Anthu adamupatsa dzina laulemu la Omelora, ndiye kuti wocitira anthu onse zabwino. Wansembe polalikira ankaika dzina lake pamodzi ndi la Papa wa ku Roma ndi la Yesu. Ndalama zina ankapereka mobisa ku zipatala za ana ndi ku nyumba za ana amasiye, ndipo zimenezi zidadziwika iye atafa kale. Tsono sitinganene kuti adali waciphamaso. Zimene ankanena ankazikhulupiriradi.

Tsopano tilowe m'nyumba mwake. Amene akutitsegulira citseko ndi mwana wake wamkazi, Kambili, wa zaka 15, pakuti nkhani yonse timaimva kwa iye.

Mlongo wake wa Kambili ndi Jaja. Jaja ali ndi zaka 10 adalephera mafunso awiri pa mayeso a katekisimu, ndipo sadakhale woyamba m'kalasi. Bambo wake adamutengera m'cipinda, n'kutseka citseko. Mwanayo adatuluka cala caciniang'ono citapunduka mpaka kalekale. Imvani bwino apa: cidali cala ca dzanja lamanzere. Lamanja adalisiya cifukwa ndilo lolembera. Munthu wopsa mtima sasankha dzanja. Eugene adasankha. Adaganiza bwinobwino, adayeza, kenaka adathyola. Atatero adamunyamula mwanayo kupita naye ku cipatala, misozi ili mbwembwembwe.

Mkazi wake ndi Beatrice. Tsiku lina atatuluka ku Misa, Beatrice adali ndi pakati ndipo sankamva bwino m'thupi. Adapempha kuti atsale m'galimoto pamene ena akukaceza kwa wansembe. Pomaliza adapita ndithu, koma kupemphako kudali kale mlandu. Atafika kunyumba adamenyedwa mpaka padera. Ana ndiwo adakolopa magazi pansi. Mayiyo atabwera kucokera ku cipatala, Eugene adasonkhanitsa banja lonse kuti lipemphere. Kupempherera yani? Kupempherera Beatrice, kuti Mulungu amukhululukire. Wopha mwana ndiye adatsogolera pemphero, wophedwera mwana ndiye adali wocimwa.

Anzathu amene mukuti mtima wake udali wabwino, taimani pamenepa. Mbala ikagwidwa imazolika. Cidakwa cikamenya mkazi usiku, m'mawa cimalephera kuyang'ana anthu kumaso. Manyazi amenewo ndi aang'ono, koma ndi khomo, ndipo ankhoswe amalowera pomwepo. Eugene adalibe khomo lotere. Pa mlandu uliwonse iye adali woweruza, mboni ndi womanga, ndipo Mulungu adamuika mbali yake. Mungamuuze ciani munthu amene akukhulupirira kuti pokumenyani akukupulumutsani ku moto wosatha? Mukalira, iye amati mankhwala akugwira nchito.

Bambo wake womubereka adali moyo, nkhalamba yosauka ya ku Abba komweko. Idakana kubatizidwa, idapitiriza kupembedza monga ankacitira makolo ake. Eugene adailetsa kuponda pakhomo pake. Adzukulu ankaloledwa kukaiona kamodzi pa caka, mphindi 15 zokha, osadya kanthu, osamwa ngakhale madzi. Munthu wodyetsa mudzi wonse adasiya bambo wake m'kanyumba kakutha. Nkhalambayo itadwala, mwana wake wamkazi Ifeoma adaitengera kwake ku Nsukka, kumene Kambili ndi Jaja adali kuceza. Idamwalira komweko. Eugene atamva kuti ana ake adagona nyumba imodzi ndi wacikunja osamuuza, adaimika Kambili m'bafa. Adatenga ketulo ya madzi owira, n'kuwathira pang'onopang'ono pa mapazi a mwanayo, kuti aphunzire kuti woponda m'macimo amapsa. Apanso ankalira.

Misozi imeneyi ndiyo idasokoneza ena a ife m'kalasi. Adati: "Munthu wolira ndiye kuti akumva cisoni." Inde, koma cisoni ca yani? Iye ankadzimvera cisoni yekha, kuti Mulungu wamusenzetsa nchito yolemera yoongola anthu okhota. Misozi yake sidazimitse moto pansi pa ketulo. Ndiponso idamanga ana pakamwa. Bambo wolusa ungathe kudana naye. Nanga bambo wolira, wokunyamula, wokupaka mankhwala pa bala limene wakupatsa yekha, udana naye bwanji? Kambili adakula akulakalaka kuti bambo wake amumwetulire.

Mkulu wina pakati pathu adaponya mwambi: wakutsina khutu ndi mnansi. Mwambiwo ndi woona ndipo sitikuutaya. Koma makolo adati kutsina khutu. Sadati kudula khutu. Mnansi amakutsina kuti umve, kenaka amakusiya uyankhe. M'nyumba ya Eugene mudalibe kuyankha. Ana ankalankhulana ndi maso okha.

Wina adati bukuli likunyoza cipembedzo. Ayi. Azakhali awo a anawa, a Ifeoma, adali Akatolika ngati mlongo wawo. Ankapemphera tsiku ndi tsiku. Koma m'nyumba mwawo ana ankaseka, ankafunsa mafunso, ankatsutsana pa cakudya, ngakhale ndiwo zidali zocepa. Eugene adafuna kuwagulira galimoto, koma atayamba waika malamulo ake: mwana wawo apite ku sukulu ya masisitere, iwo aleke kudzola zokometsera nkhope. Adakana galimotoyo. Mulungu adali mmodzi m'nyumba ziwirizo. Cosiyana cidali cakuti m'nyumba ina mudali munthu wodziyesa kuti sangalakwe.

Wolemba sadatibisire kumene nkhanzazi zidacokera. Eugene adaleredwa ku mishoni. Ali mnyamata, wansembe wina adamuviika manja m'madzi otentha pomulanga, ndipo iye adakula akuthokoza cilangoco. Timamva cisoni ndi mnyamata uja. Koma wopsa ndiye amadziwa bwino ululu wa moto. Iye adaudziwa, n'kuupatsira mwana wake.

Ife a ku Mozambique mawu akuti "tikucitira ubwino wanu" si acilendo kwa ife. Lamulo la Apwitikizi la 1899 lidati munthu wakuda aliyense ali ndi udindo wogwira nchito kuti atukule moyo wake, ndipo pansi pa mawu okomawo makolo athu adamangidwa kupita ku cibalo. Titalandira ufulu, m'caka ca 1983, anthu zikwizikwi adatengedwa m'mizinda n'kukatayidwa ku Niassa cifukwa adalibe mapepala a nchito. Owatengawo ankati akuwaphunzitsa kulima ndi kukhala anthu aphindu. Ambiri a iwo ankakhulupiriradi zimenezo. Mabanja amene adapasuka sadapepukidwe ndi cikhulupiriro cawo.

Tibwerere ku Enugu, pakuti pali anthu ena amene sitidawafunse mlandu. Beatrice adagonekedwa m'cipatala kangapo. Kambili adagonekedwa atapondedwa ndi nsapato mpaka kukomoka, cifukwa cosunga cithunzi ca agogo ake. Kodi madokotala sadaone? Anchito a pakhomo sadamve? Adaona, adamva. Koma ndani angaloze cala Omelora, amene amalipirira mwana wako sukulu? Pakamwa podzaza mpunga wake sipakadatha kunena. Beatrice mwini, pamene mlamu wake adamuuza kuti asabwerere, adayankha kuti apita kuti, popeza akazi ambiri akulakalaka mwamuna ngati ameneyu. Apo n'kuti Eugene atamuswera katebulo pamimba, n'kupititsanso padera kaciwiri. Katebuloko kadali koikapo Baibulo.

Mayankho otere timawadziwa. "Banja n'kupirira." "Za m'nyumba saulula." "Bambo uja ndi wopemphera, sangacite zotere." Kuyambira 2009 dziko lathu lili ndi lamulo loletsa nkhanza za m'banja kwa amayi, ndipo mnansi amene waona angathe kukanena. Koma lamulo limagwira msanga cidakwa ca pa msika. Mkulu wa mpingo, mwini cigayo, munthu wothandiza pa maliro, ameneyo timamuikira kumbuyo tisadamve n'komwe mlandu wake. Mboni yake yoyamba timakhala ife.

Nkhaniyi sidathe bwino, ndipo sitikuyamikira mathero ake. Eugene adali ndi cizolowezi: asadamwe tiyi wake, ankapatsa ana kuti apsontheko, ati ndico cikondi. Tiyiyo ankakhala wotentha, ankawaocha lilime, iwo n'kumakondwa. Beatrice, atasowa kolowera, adayamba kuthira ciphe m'tiyi yemweyo pang'onopang'ono. Eugene adafera pa tebulo ku fakitale yake. Apolisi atafika, Jaja adaimirira n'kunena kuti wapha ndi iye, kuti apulumutse mayi wake. Adakhala m'ndende pafupifupi zaka 3. Mayiyo adatsala ngati wozungulira mutu, akuuza anthu kuti wopha ndi iye, koma palibe adamumvera. Ndipo Kambili, wa mapazi opsa uja, Lamulungu lililonse ankaperekera bambo wake Misa, osamuuza mlongo wake.