Mlendo ndi mame, mwana akufuna wokhalitsa

Miyezi ya June ndi July, pamene chisanu cha ku Dedza chimalowa mpaka m'mafupa, ndi nthawinso imene masukulu a ku Ulaya ndi ku America amatsekera. Achinyamata a kumeneko amakwera ndege, ena atachita kusonkherana ndalama kutchalitchi, kudzathandiza ana amasiye kwa masabata awiri kapena atatu. Mtima wawo ndi wabwino, zimenezo sindingatsutse. Amanyamula makanda, amapenta makoma, amagawa majuzi ndi mipira, ndipo tsiku lotsanzikana misozi imagwa mbali zonse ziwiri. Koma thandizo limeneli lalunjika polakwika. Mwana amafuna munthu amene adzakhalepo chaka chamawa ndi chinacho, ndipo nthawi zambiri munthuyo alipo kale kumudzi, kungoti m'nkhokwe mwake mulibe kanthu.

Chisokonezo chimayambira pa mawu oti wamasiye. Kwathu kuno mwana amene wataya mayi okha kapena bambo okha timamutcha wamasiye, pamene mlendo akamva mawuwo amaganiza za mwana wopanda aliyense padziko lapansi. Bungwe la Lumos, lomwe anayambitsa mlembi J.K. Rowling, limati mwa ana 10 alionse okhala m'nyumba zosungira ana amasiye padziko lonse, pafupifupi 8 ali ndi kholo lamoyo. Tinaziona tokha mu 2006 pamene Madonna anatenga David Banda ku Home of Hope ku Mchinji: mayi a mwanayo anali atamwalira, koma bambo ake anali moyo, mlimi wosauka. Ku Dedza, kumene pakati pa Achewa mwini mbumba ndi malume, ndi ana angati amene alibiretu azakhali, malume kapena agogo? Taonani gogo wokhala pambali pa msewu wa M1 ku Bembeke, atafunda zitenje ziwiri, beseni la mbatatesi lili patsogolo, adzukulu atatu akudikira kunyumba kuti agulitse ndiye agule ufa. Gogoyu akamva kuti kwinakwake kuli malo odyetsa katatu patsiku ndi kulipira fizi, amapereka mdzukulu, ndipo palibe angamudzudzule. Chomwe chamulanda mwanayo ndi umphawi.

Nanga kukulira m'nyumba zoterezi kumamuchita chiyani mwana? Kafukufuku amene anayamba mu 2000 ku Bucharest m'dziko la Romania anatsatira ana 136 a m'nyumba zoterezi, ndipo anapeza kuti amene anasamutsidwira m'mabanja, makamaka asanakwanitse zaka ziwiri, anakula bwino m'nzeru ndi m'chikhalidwe kuposa amene anatsala. Kamwana kamene kamathamangira mlendo aliyense pageti ndi kumukakamira mwendo kamasangalatsa alendo, amayesa chikondi. Odziwa za kakulidwe ka ana amati chimenecho ndi chizindikiro choti sikanapeze munthu mmodzi womudalira. Mlendo ndi mame, ndipo mwana amene amasiyidwa kanayi kapena kasanu pachaka amaphunzira kuti aliyense womukonda amapita. Kwawo komweko alendowa nthawi zambiri sangaloledwe kugwira ntchito ndi ana a anthu mbiri yawo isanafufuzidwe ndi apolisi. Bwanji ana athu akhale ophunzirirapo? Ndiyeno tsiku lidzafika loti mnyamata wa zaka 18 atuluke. Anyakwawa samudziwa, munda wa mayi ake anagawana ena kalekale, kulima mbatatesi sadziwa, pamaliro amaima ngati mlendo.

Palinso nkhani ya ndalama, imene ambiri amaizemba. Nyumba yodalira alendo ndi zithunzi zawo imafuna mabedi odzaza, chifukwa mwana akabwerera kwa agogo ake thandizo limachepa. Sindikunena kuti aliyense woyendetsa nyumba zotere ndi wakuba, ambiri ndi anthu odzipereka; ndikuti kumene ndalama yalunjika ndi kumene ana amatsatira. N'chifukwa chake mu 2018 dziko la Australia linazindikira kuti kusonkhanitsa ana m'nyumba zotere pofuna kukopa ndalama ndi mtundu wina wa ukapolo, ndipo mu December 2019 msonkhano waukulu wa United Nations unachenjeza maiko za kuipa kotumiza anthu ongodzipereka kumalo amenewa. Boma lathu nalo, mothandizidwa ndi UNICEF, linayamba kubwezera ana kwa abale awo, ndipo Dedza linali limodzi mwa maboma anayi oyambirira pamodzi ndi Lilongwe, Blantyre ndi Mangochi. Malipoti a Malawi Human Rights Commission anasonyeza kuti ana m'nyumbazi anachepa kuchoka pa oposa 10,000 mu 2014 kufika pa 8,000 ndi ochepa mu 2017.

Wina anganene kuti kumudzi si kumwamba, ndipo akunena zoona. Alipo amalume olanda chuma cha masiye maliro asanathe, alipo azakhali osandutsa mwana wa mchemwali wawo kapolo wapakhomo, ndipo mtsikana wamasiye ndi amene amafulumira kukwatitsidwa. Koma yankho la nkhanza za pabanja ndi kulondola anawo kumene ali. Inkosi Theresa Kachindamoto inathetsa maukwati a ana mazanamazana mu Dedza momwemuno ndi kubwezera atsikana kusukulu osamanga nyumba ya ana amasiye ngakhale imodzi. Inagwiritsa ntchito mafumu aang'ono, makolo ndi amayi oyendera ana m'midzi. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 lilipo, koma wa ofesi yosamalira anthu wopanda mafuta a njinga yamoto sangakafike kumudzi wa kuseri kwa phiri. Khanda limene mayi ake amwalira pobereka lingafunike malo osungirako kwakanthawi chifukwa cha mkaka, inde, koma cholinga chikhale kulibwezera kwawo, ndipo olisamalira akhale amayi okhazikika olandira malipiro.

Winanso adzati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo amene wabwera kamodzi amatumiza ndalama moyo wake wonse. Asaleke kubwera. Namwino wodziwa ntchito yake akagwire pambali pa anamwino athu, mphunzitsi akasule aphunzitsi a mkombaphala, enawo akaone zojambula za pa matanthwe a Chongoni, agule mbiya ndi mbatatesi, ndalama itsale m'manja mwa gogo uja. Mary's Meals, yomwe inayambira ku Malawi kuno mu 2002, imadyetsa phala ana pasukulu, ophika ndi amayi a m'mudzi momwemo, ndipo mwana amakagona kwawo. Mtukula Pakhomo, yemwe anayambira ku Mchinji mu 2006, amapereka ndalama pakhomo penipenipo. Mtengo wa tikiti imodzi ya ndege ungagule ufa, mabulangete ndi mayunifomu a makomo angapo.

Choncho inu abusa, ansembe ndi mafumu amene mumalandira makalata a magulu ofuna kudzagwira ntchito ndi ana amasiye, ayankheni mwaulemu kuti afike, koma muwatengere kwa agogo olera adzukulu, osati kuchipinda chogona makanda.