Bambo, ana akugona ndi ndani?

Bambo wina wa ku Msaka wandilembera kuti banja linatha, mkazi anamusiyira ana atatu, ndipo usiku amachezera panyanja kupha usipa.

Mwananga, mwachita chamuna posawataya anawo. Koma mukakwera bwato, amagona ndi ndani? Pa unamwino wanga ndinaona ana atapsa ndi moto, ena akukodza magazi chifukwa cha likodzo, bambo osadziwa kanthu.

Mutu umodzi susenza denga. Ngakhale munayambana ndi akuchikazi, pitani kwa amalume a anawo, eni mbumba, mukagwirizane za munthu wamkulu wogona nawo. Wamkaziyo akatha msinkhu, azakhali ake amulange. Ndipo musamanyoze mayi awo iwo akumva. Chinatha ndi ukwati, ubale ulipobe.