Ntchito ziwiri, viza imodzi: ku America malipiro okha sasunga munthu

Sabata yatha msuweni wanga amene ali ku Texas adanditumizira voice note yaitali pa WhatsApp. Iye ndi katswiri wopanga mapulogalamu a kompyuta. Adapita ku America pa sukulu, atamaliza adapeza ntchito, ndipo tsopano watha zaka zitatu pa viza yotchedwa H-1B.

"Asuweni, mutu wanga sukugwira," adayamba choncho. Makampani awiri amulembera makalata omupatsa ntchito. Ina ndi kampani yongoyamba kumene, ya anthu owerengeka, yomwe ikulonjeza malipiro okwera komanso masheya. Inayo ndi yaikulu komanso yakalekale, malipiro ake ndi otsikirapo, koma yanena kuti idzamuyambira mapepala a green card, chiphaso chokhalira m'dzikomo mpaka kalekale.

Kunena zoona ndidaseka. Kuno anzanga a madigiri akutha nsapato ndi maenvelopu a khaki, wina akulira kuti ntchito zamuchulukira? Ndidamuyankha mwachidule: "Tengani ya dola zambiriyo asuweni, nanga vuto lili pati?" Nditakhala pansi n'kuwerenga malamulo a vizayi, ndidaona kuti ndidayankha ngati munthu wosadziwa kanthu. Ndipo ambirife tikadayankha chimodzimodzi.

Choyamba kumvetsa n'chakuti H-1B si chilolezo choti ukagwire ntchito paliponse pamene wafuna. Amene amapempha ku boma ndi kampani, ndipo chilolezocho chimamangiriridwa pa kampaniyo ndi ntchito yomwe yatchulidwa. Chaka chilichonse boma limapereka malo 65,000, kuphatikizapo ena 20,000 a anthu amene adachita masters kapena kuposera apo m'mayunivesite a ku America. Ofuna amachuluka kuposa malowo, choncho m'mwezi wa Malichi mumachitika maere. Ukapata, umapatsidwa zaka zitatu, zomwe zingathe kuwonjezeredwa kufika zaka 6.

Kusintha kampani n'kololedwa. Lamulo la m'chaka cha 2000 limalola munthu kuyamba ntchito kwatsopano kampaniyo ikangopereka pempho lake ku ofesi ya USCIS, ndipo salowanso m'maere. Koma ntchito ikakuthera mwadzidzidzi, uli ndi masiku osaposa 60 oti upeze kampani ina yokupemphera, usinthe mtundu wa viza, kapena ulongedze katundu. Aliyense amene adafunsirapo ntchito ya mapulogalamu akudziwa kuti mayeso ake amabwera m'magawo angapo ndipo amatha kudya masabata. Masiku 60 ndi ochepa kwambiri.

Izi si zongoopseza. Mu Novembala 2022, Elon Musk atangogula Twitter adachotsa pafupifupi theka la antchito. Mwezi womwewo Meta idachotsa anthu 11,000. Mu Januwale 2023 Amazon idalengeza zochotsa 18,000, Google 12,000 ndipo Microsoft 10,000. Mzika ya America ikachotsedwa ntchito imadandaula za lendi ndi inshulansi ya kuchipatala. Wa H-1B amadandaula zomwezo, kuwonjezerapo kalendala yomwe ikuwerenga masiku ake m'dzikomo. Ndiye funso lenileni kwa msuweni wanga silakuti ndani akulipira zambiri mwezi uno, koma ndani angakhalepobe ndi kumufunabe zaka zitatu zikubwerazi.

Apa ndi pomwe nkhani ya green card ikukulira. Kuti munthu apitirire zaka 6 zija, pafunika kuti kampani ikhale itamuyambira kale mapepala. Gawo loyamba limatchedwa PERM, pomwe kampani imaonetsa ku unduna wa zantchito kuti idasaka mzika yoyenera ntchitoyo koma sidaipeze. Masiku ano gawo lokhali limatenga kupitirira chaka, ndipo lamulo limati olipira ndi kampani, osati wantchito. Kenako pamabwera pempho la I-140, pomwe kampani iyenera kuonetsanso kuti ili ndi ndalama zolipirira malipiro amene yalonjeza. Ngati mapepala adaperekedwa masiku 365 zaka 6 zisanathe, munthu amatha kumawonjezeredwa nthawi. Ngati sadaperekedwe, nthawi ikakwana ulendo wa ku Lumbadzi wapsa.

Tsono werengani nokha. Msuweni wanga watsala ndi zaka zitatu. Akalowa kampani yaing'ono ija, iyo n'kunena kuti za green card tikambirana chaka chamawa, kenako ndalama za ogulitsa ndi ogula masheya n'kuphwa, ndiye kuti wataya chaka chimodzi kapena ziwiri. Akapita kwina, PERM imayambiranso pachiyambi. Masheya aja nawonso sabwera tsiku loyamba. Makampani ambiri amawapereka pang'onopang'ono kwa zaka zinayi, ndipo ukachoka chaka chisanathe sutenga kalikonse. Masheya a kampani yomwe sidalowe pamsika ndi pepala chabe mpaka tsiku lomwe wina adzaigule.

Komabe ndisanamize anthu kuti kampani yaikulu ndi linga. Mayina ndatchula pamwambapa ndi akuluakulu okhaokha. Palinso msampha wina: kampani ikachotsa anthu pa ntchito yofanana ndi yako m'miyezi 6 yapitayi, lamulo limaiuza kuti iyambe yaganizira mzika zomwe idachotsazo isanapereke PERM ya mlendo. N'chifukwa chake Google itachotsa anthu mu 2023 idaimitsa kaye mapempho atsopano a PERM. Munthu atha kukhala pa desiki yabwino, chakudya chaulere, koma mapepala ake ali chiimire. Ndipo kampani yaing'ono yomwe ili ndi ndalama komanso loya wodziwa ntchito yake itha kuyendetsa mapepala msanga kuposa chimphona chomwe chili ndi mzere wa anthu masauzande.

Pali chinthu chimodzi chomwe chili mbali ya Mmalawi. Lamulo limati dziko limodzi lisatenge kupitirira 7 peresenti ya ma green card a chaka, ndipo amayang'ana dziko lomwe udabadwira. Pafupifupi anthu 7 mwa 10 alionse a H-1B ndi ochokera ku India, choncho iwo amadikira zaka zoposa 10. Wobadwira ku Zomba kapena ku Chipata sali pamzere umenewo. Malangizo ambiri a pa YouTube amakambidwa ndi anthu amene akudziwa kuti adikira moyo wawo wonse, ndiye kwa iwo kudumphadumpha makampani kutsata malipiro kuli ndi nzeru yake. Kwa msuweni wanga, kukhazikika malo amodzi zaka zingapo kutha kumaliza nkhani yonse. Akakhala ndi green card m'manja, adzasintha ntchito mmene angafunire osapempha munthu.

Chomwe chapangitsa kuti kulakwitsa kukhale kodula kwambiri ndi ndale za chaka cha 2025. Pa 19 Seputembala, Pulezidenti Donald Trump adasainira chilengezo choti pempho latsopano la H-1B lizilipiridwa $100,000, zomwe pa mtengo wa kubanki wa nthawi imeneyo zidali zoposa K170 miliyoni. Boma lidafotokoza pambuyo pake kuti izi sizikukhudza amene ali kale m'dzikomo ndipo akungowonjezera nthawi kapena kusintha kampani mapepala awo ali bwino. Zikukhudza makamaka amene ali kunja ndipo alibe viza ya H-1B yomwe ikugwira ntchito. Tanthauzo lake n'loti ukagwa n'kubwerera kumudzi viza n'kutha, kampani yoti ikuitanenso iyenera kukukonda kwambiri. Kumbukiraninso kuti kuyambira pa 20 Ogasiti chaka chomwecho, Amalawi ndi anzathu a ku Zambia ofuna viza yokacheza kapena ya bizinesi adayamba kuuzidwa zopereka chikole cha $5,000, $10,000 kapena $15,000. Chitseko cha America chikunka chicheperachepera kwa ife, ndipo amene ali mkati akudziwa.

Achibale athu a ku Britain asaone ngati izi n'zakutali. Viza ya Skilled Worker nayonso imamangiriridwa pa kampani yokuthandiza. Ukasintha ntchito umapemphanso, ndipo ntchito ikatha nthawi zambiri amakusiyira masiku 60. Malipiro ochepetsetsa oti munthu ayenerere adakwera kufika £38,700 mu Epulo 2024, kenako £41,700 mu Julayi 2025. Maiko ndi osiyana koma chingwe chake n'chimodzi.

Nditamuimbiranso msuweni wanga ndidayamba ndi kupepesa. Kenako tidagwirizana zoti afunse makampani onse awiri asanasaine. Kodi PERM mudzayamba mwezi uti, ndipo mungalembe zimenezo m'kalata ya ntchito? Mwachotsapo anthu posachedwapa pa ntchito ngati yangayi? Mudathandizapo alendo angati mpaka kupeza green card? Kwa yaing'onoyo, ndalama zomwe muli nazo zikufikitsani miyezi ingati? Ndidamuuzanso kuti asatule pansi ntchito yomwe ali nayo pempho latsopano lisanalandiridwe, ndipo alipire loya wakewake ola limodzi, chifukwa loya wa kampani amateteza kampani. Safunsa adadya phula.

Maganizo anga ndi awa: kwa munthu amene watsala ndi zaka zitatu, amene akulipirira fizi azing'ono ake awiri komanso kugulira mankhwala azakhali anga mwezi ndi mwezi, kalata yomwe ili ndi tsiku loyambira mapepala ikuposa kalata yomwe ili ndi ziro wowonjezera. Akadakhala kuti ali ndi green card kale, ndikadamuuza kuti athamangire kampani yaing'onoyo, chifukwa kumeneko munthu amaphunzira msanga ndipo mwayi ukagwa umagwa waukulu.

Ife otsala kuno tili ndi mbali yathu. Tikamva kuti mbale wathu wapata ntchito ya kompyuta kunja, chomwe timafunsa n'chakuti akulandira zingati, kenako mndandanda wa zofuna umayamba. Sitifunsa kuti mapepala ake ali pati. Msuweni wanga wapatsidwa mpaka Lachisanu kuti ayankhe. Kampani yaikulu yavomera kulemba mwezi woyambira PERM m'kalata. Yaing'onoyo yati imuyankha, ndipo mpaka pano ikadali chete.